Kodi ESCOM ndi ADMARC eni ake ndani?

Mukagula mayunitsi a magetsi pafoni, ndalama ija imapita ku ESCOM. Nanga mwini wa ESCOM ndani? Ndi boma, ndipo limangoisunga m'malo mwa inu ndi ine. Kampani ya boma imachita malonda ngati bizinesi ina iliyonse, ili ndi bodi yake ndi mabuku ake a ndalama, koma umwini wonse kapena waukulu uli m'manja mwa boma. Musaisokoneze ndi unduna. Unduna umadikira bajeti, pomwe kampani imayenera kudzipezera yokha.

Ena mwa makampaniwa anakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, monga MBC, Malawi Housing Corporation ndi mabodi a madzi. Ntchito yawo inalembedwa m'lamulo, ndipo kuti isinthe mpaka aphungu akambirane.

Ena analembetsedwa ngati kampani wamba, kungoti masheya onse ndi a boma. Apa pali ESCOM, NOCMA yoitanitsa mafuta, ndi EGENCO imene inapatuka ku ESCOM mu 2017 kuti izipanga magetsi, ESCOM n'kutsala ndi kuwagawa.

ADMARC ndiye imandikhudza kwambiri. Inayamba mu 1971 kudzera m'lamulo, kenako inasanduka kampani yolembetsedwa, mwini wake akadali boma. Timafuna igule chimanga kwa mlimi pamtengo wabwino, ichisunge, ndipo njala ikavuta mu Januwale ichigulitse motchipa kwa mayi amene wafola pamzere kuyambira mbandakucha, thumba lili m'manja. Timafunanso ikhale ndi misika kumidzi yakutali kumene wamalonda sangapindule. Komanso tikuti ipange phindu! Ngati boma lalamula ntchito yothandiza anthu, lizilipira ntchitoyo poyera, tidziwe kuti ndalama zatayikira pa chifundo kapena pa kusakaza.

Palinso makampani ogawana. Ku Malawi Airlines boma lili ndi magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines 49. Kampani ya mahotela ya Sunbird ili pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, inunso mutha kugula masheya ake, koma gawo lalikulu ndi la boma. Kungokhala pamsika wa masheya sikupangitsa kampani kukhala ya boma: Illovo ndi Airtel Malawi zili pomwepo, koma eni ake aakulu ndi makampani akunja.

Abale anga, amene amasankha mabodi a makampani a boma ndi boma lomwelo, ndipo ngongole zikawapsinja, zimakagwera thumba la misonkho yathu. Air Malawi inatsekedwa mu 2013 ili ndi ngongole zosaneneka, ndipo mwini wake woti azisenze anali boma lokha.