Mpando wa M'magazi: Ufumu Ukhalepobe Kapena Uthe?

[Pa sikirini: khamu la anthu m'misewu ya London, mvula ikuwaza]

Pa 6 May 2023, m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London, bambo wa zaka 74 anavekedwa chisoti chachifumu. Ntchito imeneyi sanafunsire, sanalembe mayeso, ndipo palibe anamuvotera. Charles anaipeza chifukwa ndiye mwana woyamba wa Mfumukazi Elizabeth II, imene inakhala pampandowo zaka 70. Kunja ena ankavina ndi mbendera, ena atanyamula zikwangwani zachikasu zonena kuti imeneyo si mfumu yawo. Mtsogoleri wa gulu lofuna kuthetsa ufumu la Republic, Graham Smith, anamangidwa m'mawa womwewo mwambo usanayambe n'komwe.

Takulandirani owonera athu. Lero tikukambirana mkangano wakalekale: kodi mtsogoleri wa dziko azipezeka mwa kubadwa?

Tiyambe taika zinthu m'malo mwake, chifukwa anthu ambiri akamakangana nkhaniyi amakhala akukamba zinthu ziwiri zosiyana. Mayiko 43 ali ndi mfumu ngati mutu wa dziko, ndipo 15 mwa amenewa, kuphatikizapo Canada, Australia ndi Jamaica, mfumu yawo ndi Charles yemweyo. Koma mfumu ya ku Norway ndi ya ku Saudi Arabia zimangofanana dzina. Ku Saudi Arabia mfumu ndiye boma. Ku Eswatini, Mfumu Sobhuza II inaletsa zipani mu 1973, ndipo mwana wake Mswati III, amene wakhala pampando kuyambira 1986, amasankha yekha nduna yaikulu. Anthu atachita zionetsero mu 2021 zofuna kusintha zimenezi, ambiri anaphedwa. Ku Thailand kunyoza mfumu ndi mlandu wokhala m'ndende zaka zitatu mpaka 15. Ufumu wa mtundu umenewu ine sindiwononga nawo nthawi. Kumene munthu sangafunse funso lathuli popanda kuopa ndende, yankho lapezeka kale.

Mkangano weniweni uli pa mfumu imene ilibe mphamvu: ya ku Britain, Spain, Netherlands, Denmark, Japan, Lesotho. Imatsegulira nyumba ya malamulo, imasayina zimene aphungu agwirizana, imalandira akazembe, koma dziko amayendetsa ndi anthu osankhidwa. Kodi imeneyi ikulakwira ndani?

[Pa sikirini: nyumba ya malamulo ya ku Madrid]

Oikira kumbuyo ufumu amati dziko limafunika munthu mmodzi wopanda chipani. Nduna yaikulu ikapambana chisankho, theka la dziko limakhala lokwiya. Mfumu sinapikisane ndi aliyense, ndiye palibe amene inamugonjetsa. Amaonjezera mfundo ina yochenjera: phindu la mfumu si mphamvu imene ili nayo, koma malo amene yatsekereza. Mpando wapamwamba kwambiri uli ndi mwini kale, choncho wandale aliyense, kaya atchuke bwanji, amakhalabe wachiwiri. Asilikali amalumbira kwa mfumu osati kwa iye.

Nkhani imene amakonda kutchula ndi ya ku Spain, ndipo ndi yoyenera kuimva bwinobwino. Madzulo a pa 23 February 1981, aphungu ali mkati movotera nduna yaikulu yatsopano, msilikali wina dzina lake Antonio Tejero analowa m'nyumba ya malamulo mfuti ili m'manja, pambuyo pake pali anzake pafupifupi 200. Anaombera kudenga. Aphungu anadzigwetsa pansi pa mipando. Mabowo a zipolopolozo akuonekabe padengapo mpaka lero. Ku Valencia akasinja ankhondo anatuluka m'misewu. Wolamulira wankhanza Francisco Franco anali atangomwalira mu 1975, demokalase inali ikadali khanda, ndipo ambiri mwa akuluakulu a asilikali ankadikira kuti aone mphepo ikulowera kuti.

Usiku umenewo Mfumu Juan Carlos inakhalira kuimba mafoni kwa akuluakulu a asilikaliwo. Itangodutsa 1 koloko m'bandakucha inaonekera pa TV itavala yunifolomu ya mkulu wa asilikali onse, n'kunena kuti ufumu sungalole aliyense kusokoneza demokalase ndi mfuti. Pofika masana a tsiku lotsatira Tejero anali atagonja. Kumbukirani kuti Juan Carlos ameneyu anasankhidwa ndi Franco yemweyo kuti adzakhale mfumu. Asilikali anamumvera chifukwa sankamuona ngati wa chipani.

Ku Norway nakonso, Germany italanda dzikolo mu 1940, Mfumu Haakon VII inakana kuvomereza Vidkun Quisling, wandale wogwirizana ndi Germany, kukhala mtsogoleri wa boma, n'kuuza nduna zake kuti kuli bwino itule pansi ufumu.

Mfundoyi ndi yolemera, sindikukana. Koma tiyeni timutsatirebe Juan Carlos.

[Pa sikirini: chaka cha 2012]

Mu April 2012 chuma cha Spain chinali pansi, munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito ali lova. Anthu anangomva kuti mfumu yawo yathyoka fupa la m'chiuno. Yathyokera kuti? Ku Botswana, kumene inapita mwakachetechete kukasaka njovu. Potuluka m'chipatala inapepesa, koma mbiri inali itada kale. Mu 2014 inatula pansi udindo n'kusiyira mwana wake Felipe VI. Kenaka kunabuka nkhani za ndalama zankhaninkhani zosungidwa kunja, ndipo mu August 2020 Juan Carlos anasamukira ku Abu Dhabi. Oimira boma pa milandu anatseka kafukufuku wawo mu 2022, ndipo china mwa zifukwa zake chinali chakuti malamulo a dzikolo salola kuzenga mfumu mlandu pa zimene inachita ili pampando. Timati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mutu uwu lamulo lenileni linaulewetsa.

Munthu ndi mmodzi yemweyo. Amene anapulumutsa demokalase ndi amenenso sakanatheka kuimbidwa mlandu. Apa ndi pamene otsutsa ufumu amaponda mwamphamvu: kubadwa ndi mpikisano wa mwayi. Lero mupeza wanzeru, mawa wadyera, ndipo inu mulibe chonena pa onse awiri.

Italy inaona mbali yoipa ya mwayiwo. Mu October 1922, otsatira Benito Mussolini akulowera ku Rome, nduna yaikulu Luigi Facta anapempha Mfumu Victor Emmanuel III kuti isayine lamulo lolola asilikali kuwatsekereza. Mfumu inakana, m'malo mwake inaitana Mussolini kuti apange boma, ndipo iye anadzakhala wolamulira wankhanza. Mu 1938 inasayinanso malamulo osala Ayuda. Mpando womwewo umene ku Madrid unatseka chitseko, ku Rome unachitsegula. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anthu sanaiwale. Pa 2 June 1946 anaponya voti, 54 mwa 100 alionse anati ufumu uthe, ndipo Umberto II, mwana wa Victor Emmanuel, anachoka m'dzikomo atalamulira mwezi umodzi wokha.

Ku Nepal zinachitika posachedwapa. Mfumu Birendra ndi ambiri a m'banja lake anaphedwa ndi mfuti m'nyumba yachifumu mu June 2001, mpando n'kugwera m'bale wake Gyanendra. Mu 2005 iye anachotsa boma n'kutenga mphamvu zonse. Anthu anadzaza m'misewu, ndipo pa 28 May 2008 aphungu 560 anavota kuti ufumu wa zaka pafupifupi 240 uthe. Otsutsa anali anayi okha.

Za ndalama tingodutsapo, ngakhale ndi pamene anthu amakweza mawu kwambiri. Ku Britain boma linkapereka mapaundi 86 miliyoni pachaka ku nyumba yachifumu, ndipo mu 2025 anakwera kufika pa 132 miliyoni chifukwa chokonza nyumba yachifumu ya Buckingham Palace. Za chitetezo sizili m'menemo. Ena amati alendo odzaona malo amabweza zonsezi. Ena amayankha kuti France inadula mutu wa mfumu yake mu 1793, koma nyumba yachifumu ya Versailles imalandirabe alendo mamiliyoni chaka chilichonse. Kunena zoona, pulezidenti nayenso amadya ndalama, ndipo pa bajeti ya dziko lolemera zonsezi ndi zochepa. Ndalama sizingagamule mlanduwu.

[Pa sikirini: cholembera pamwamba pa chikalata]

Funso losangalatsa kwambiri ndi ili: kodi n'zoona kuti mafumuwa alibe mphamvu? Ku Britain mfumu yomaliza kukana kusayina lamulo inali Mfumukazi Anne mu 1708. Koma pali mwambo wina umene ambiri saudziwa. Lamulo lililonse lokhudza mphamvu kapena chuma cha mfumu limayamba laonetsedwa kunyumba yachifumu aphungu asanalivomereze. Mu 2021 nyuzipepala ya The Guardian inapeza kuti malamulo oposa 1,000 anadutsa njira imeneyi nthawi ya Elizabeth II. Chuma chochoka kwa mfumu kupita kwa wolowa ufumu sichikhoma msonkho wa chuma cha masiye, pamene mabanja ena olemera amakhoma. Nduna yaikulu imakumana ndi mfumu sabata iliyonse, awiriwiri, popanda wolemba zimene akambirana.

Ku Belgium zinafika poseketsa. Mu 1990 aphungu anavomereza lamulo lolola kuchotsa mimba, koma Mfumu Baudouin, Mkatolika wolimba, inati chikumbumtima chake sichikulola kusayina. Boma linatani? Linalengeza kuti mfumu siingathe kulamulira, nduna zinasayina zokha, ndipo patangopita tsiku limodzi ndi theka aphungu analengeza kuti mfumu yayambanso kutha kulamulira. Oikira kumbuyo ufumu amati mwaona, demokalase inapambana. Otsutsa amati ngati dziko linayenda bwinobwino tsiku ndi theka popanda mfumu, masiku enawo ikufunikiranji?

Palinso nkhani ya amene amaloledwa kulowa. Sweden ndiyo inayamba, mu 1980, kunena kuti mwana woyamba ndiye wolowa ufumu, kaya ndi wamkazi kaya wamwamuna. Britain inatsatira mu 2013, koma mpaka pano Mkatolika sangakhale mfumu kumeneko. Ku Japan mkazi saloledwa, moti Aiko, mwana yekhayo wa Mfumu Naruhito, ali kunja kwa mzere, ndipo mwa achinyamata a m'banjamo wamwamuna ndi mmodzi yekha, Hisahito. Ntchito ina iliyonse ya boma itati ilengezedwe ndi malamulo oterewa, makhoti angaikane tsiku lomwelo. Tisaiwalenso mwana wodzalowa ufumuyo. Amabadwa ntchito itamudikira kale, makamera ali pakhomo la chipatala. Sangavale malaya a chipani, sanganene maganizo ake pagulu. Ameneyunso palibe anamufunsa.

Ndiye tingothetsa basi? Dekhani pang'ono.

England inayesapo. Inadula mutu wa Mfumu Charles I mu 1649, mkulu wa asilikali Oliver Cromwell n'kutenga dziko. Atamwalira mu 1658, anamulowa m'malo ndani? Mwana wake Richard. Pofika 1660 anthu anali ataitananso mfumu. Ethiopia inachotsa Mfumu Haile Selassie mu 1974 n'kugwera m'manja mwa asilikali a Derg amene anapha anthu miyandamiyanda. Ndipo kusiyirana mpando m'banja sikufuna chisoti. North Korea ili pa m'badwo wachitatu wa banja la Kim. Ku Togo banja la Gnassingbé lalamulira kuyambira 1967. Ku Syria banja la Assad linakhala zaka zoposa 50. Onsewa pa pepala alibe mfumu. Pamene Norway, Sweden ndi Denmark, okhala ndi mafumu, ali m'gulu la mayiko amene demokalase ikuyenda bwino kwambiri.

Koma apa tisanamizane. Si mfumu imene inabweretsa mtendere ku Denmark. Ndi mtendere umene unasunga mfumu. Mayiko amene sanagwe m'zipolowe kapena kugonja koopsa pankhondo sanapeze chifukwa chogwetsera mpandowo, ndipo mafumu ake anaphunzira kubwerera m'mbuyo nthawi isanathe. Finland, yoyandikana nawo, ilibe mfumu koma ikuyenda chimodzimodzi. Ireland ndi Germany ali ndi pulezidenti wopanda mphamvu zambiri, wogwira ntchito yomweyo yoimira dziko lonse, kungoti nthawi yake imatha ndipo akalakwa amachoka. Pulezidenti wa Germany, Christian Wulff, anatula pansi udindo mu 2012 ofufuza milandu atangopempha kuti chitetezo chake chosazengedwa mlandu chichotsedwe.

Maganizo anga ndi awa. Wina atati alembe malamulo a dziko latsopano lero, sangaikemo zoti mpando ukhale wa banja limodzi. Mfundo ya magaziyo payokha siingaime. Chimene chimaimika ufumu wa ku Norway ndi chakuti Haakon VII anakana kulowa ufumu anthu asanafunsidwe, ndipo mu 1905 pafupifupi 79 mwa 100 alionse anavomera. Ufumu umene anthu ali ndi ufulu wouthetsa koma akuusunga, ndilibe nawo mlandu waukulu. Kungoti voti ya 1905 singamange adzukulu mpaka kalekale.

[Pa sikirini: mapu a Barbados ndi Australia]

Kwa ofuna kuthetsa, ntchito yovuta si kutsutsa mfumu, koma kugwirizana za chobwera m'malo mwake. Barbados inachita mosavuta pa 30 November 2021: aphungu anasintha malamulo, Sandra Mason amene ankaimira mfumukazi anakhala pulezidenti, ndipo Charles anali pomwepo akuonerera. Riferendamu panalibe, zimene ena a m'dzikomo anadandaula nazo.

Australia inafunsa anthu pa 6 November 1999. Ambiri ankaoneka kuti akufuna mutu wa dziko akhale wa kwawo komweko. Koma funso la pa pepala linali lakuti pulezidenti azisankhidwa ndi aphungu, osati ndi anthu. Amene ankafuna kumuvotera okha anakwiya, anati ameneyo adzakhala pulezidenti wa andale, ndipo ena mwa iwo anachita kampeni limodzi ndi okonda ufumu. Voti yokana inapambana ndi 55 mwa 100 alionse, ndipo mwa zigawo zisanu ndi chimodzi za dzikolo panalibe ngakhale chimodzi chimene chinavomera. Funsolo silinabwererenso pa pepala lovotera mpaka pano.