Kodi Thyolo ndi galasi la Malawi pa chisankho?

Chithunzi: msika wa Bvumbwe m'mawa. Amayi ayala tomato ndi kabichi, oitanira minibasi ali kalikiliki.

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili pa Bvumbwe, m'boma la Thyolo, ndipo nkhani yathu taitola m'minibasi. Chisankho chikayandikira, sipalephera bambo wina wonena motsimikiza kuti, "Ine wopambana ndamudziwa kale. Kwathu kuno aliyense akutchula dzina limodzi." Bamboyo sakunama ayi, kwawoko dzina ndi limodzidi. Koma kodi kwawoko kukufanana ndi Malawi yense?

Chithunzi: mphika wa nyemba uli pamoto.

Taonani mayi awa. Athira mchere, koma kuti adziwe ngati wakolera sadya mphika wonse. Avundula kaye, atapa kamsuzi ndi chipande, adontheza pachikhatho, alawa. Kadontho kameneko kawauza za mphika wonse chifukwa anavundula. Akanatapa pomwe mchere unagwera, akanati ndiwo zawawa mchere pamene mbali inayo sizinakolere n'komwe.

M'mayiko ena muli madera amene ali ngati kadontho kovundulidwa bwino. Amene wapambana m'deralo, kawirikawiri ndi yemwenso amapambana m'dziko lonse. Pachingerezi dera lotere amalitcha bellwether, mawu ochokera kwa abusa. Inali nkhosa yamphongo yofula imene ankaimangirira belu m'khosi, ndipo mbusa akamva kumene belu likulira ankadziwa kumene gulu lonse lalowera.

Ku America, m'chigawo cha Indiana, kuli dera lotchedwa Vigo County. Kuyambira 1888 mpaka 2016, anthu akumeneko ankavotera munthu amene ankadzakhaladi pulezidenti, ndipo anaphonya kawiri kokha, mu 1908 ndi mu 1952. Ku Britain kuli Dartford, kufupi ndi London: kuyambira 1964 mpaka chisankho cha 2024, phungu wakumeneko wakhala akuchokera ku chipani chimene chapambana m'dziko lonse.

Si kuti anthu amenewa ndi alosi. Ku Vigo kuli tauni ya Terre Haute, yokhala ndi mafakitale ndi yunivesite, ndipo m'mphepete mwake muli alimi. Anthu osiyanasiyana a m'dzikomo anali momwemo, mosakanikirana. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, zipani ziwiri zinali ndi mphamvu zofanana. Tiyerekeze kuti dera lili ndi ovota 100. Anthu 45 ndi a chipani ichi zivute zitani, 45 ena ndi a chipani icho mpaka kufa. Otsala 10 alibe mbali. Amayang'ana mtengo wa thumba la chimanga, feteleza ngati wafika nthawi yake, mzere wa mafuta ngati wafupika. Anthu 10 amenewa akapendekera uku, dera lonse lagwera uku. Ndipo chimene chawapendeketsa ndi chomwecho chimene chikupendeketsa anzawo opanda mbali m'dziko lonse. Deralo silitsogolera dziko, limangomva mphepo imodzimodziyo.

Chithunzi: minda ya tiyi, othyola ali ndi madengu kumsana.

Tsopano tibwere kwathu. Wina anganene kuti Thyolo nayonso saphonya. Mu 2009 inavotera Bingu wa Mutharika, iye n'kupambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse. Mu 2014 inavotera Peter Mutharika, n'kupambana ndi 36. Mu 2025 inamuvoteranso, n'kupambana ndi pafupifupi 57. Zikuoneka ngati galasi ndithu.

Koma kumbukirani pa 23 June 2020. Khoti linali litathetsa zotsatira za chisankho cha 2019, anthu n'kukavotanso. Lazarus Chakwera anapeza pafupifupi 59 pa 100 alionse m'dziko lonse, pamene Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu anakhalabe nganganga pambuyo pa Mutharika. Munthu amene anayesa dziko ndi zimene ankamva pa Luchenza kapena pa Chitakale anadzidzimuka tsiku limenelo. Galasi lenileni limasintha nkhope ikasintha. Thyolo sinasinthe, ndi dziko limene nthawi zina limabwera kudzagwirizana nayo, nthawi zina n'kupita kwina. Kuno ndi kwawo kwa a Mutharika, ndipo andale okha amati ndi kuchipinda kwa DPP, monga mmene Dowa ndi Kasungu alili ku MCP, kapena mmene Machinga ndi Mangochi ankakhalira ku UDF kale. Sindikunyoza ayi, munthu ali ndi ufulu wovotera amene wamukonda. Ndikungoti pano ndi pomwe mchere unagwera.

N'chifukwa chake dera lokhala ngati galasi limavuta kulipeza ku Malawi kuno. Chisankho cha 1994 chinaonetseratu mmene mphika wathu ulili: Bakili Muluzi anapeza 47 pa 100 alionse, ambiri ochokera kumwera, Kamuzu Banda 33, ambiri ochokera pakati, Chakufwa Chihana 19, ambiri ochokera kumpoto. Chikhalireni mizere imeneyi sinafufutike yonse.

Ine ndikafuna kununkhiza kumene mphepo ikulowera, ndimayang'ana malo awiri. Koyamba ndi m'matauni, monga ku Ndirande, ku Area 25 ndi ku Mzuzu, kumene Mlhomwe, Mtumbuka, Mchewa ndi Myao amachita lendi pa mdadada umodzi n'kumatunga madzi pa mpopi umodzi. Komabe samalani, kalembera wa 2018 anapeza kuti okhala m'tauni ndi 16 okha pa 100 alionse, ndipo nkhawa za wa lendi si za mlimi wa ku Thekerani. Kwina ndi kumpoto, kumene anthu asonyeza kuti amatha kusamuka: Chihana mu 1994, Bingu mu 2009, Chakwera mu 2020.

Ngakhale galasi labwino limasweka. Mu 2020 Vigo County inavotera Donald Trump, koma anapambana ndi Joe Biden. Mwa madera 19 a ku America amene sanaphonyepo kuyambira 1980, limodzi lokha ndi limene linalondola chaka chimenecho, Clallam County m'chigawo cha Washington. Mu 2024 nalonso linaphonya, linavotera Kamala Harris, Trump n'kupambana. Dziko linali litasintha, madera aja osasintha nalo limodzi. Palinso nkhani ya mwayi: America ili ndi madera otere opitirira 3,000, ndiye sipangalephere angapo olondola kangapo motsatizana mongogwera.

Chithunzi: pepala la zotsatira lomatidwa pakhoma la sukulu.

Nanga zotsatira za ku Thyolo zilibe chotiuza? Chilipo, koma si dzina la wopambana. Kuchokera pa chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, wofuna kukhala pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka, zija timati 50+1, ndipo mavoti onse amaphatikizidwa m'dengu limodzi la dziko lonse. Kupambana boma pakokha sikupereka kanthu. Choncho mukafika papepala ili, yang'anani manambala awiri: analembetsa ndi angati, ndipo anabweradi kudzavota ndi angati. Kenako onani mavoti a amene ali wachiwiri, muyerekeze ndi a chisankho chapita. Ngati kuchipinda anthu ambiri atsalira kumunda osapita kukavota, kapena wotsutsa amene ankapeza mavoti 20 pa sukulu ino wapeza 80, lembani manambalawo, mufunse m'bale wanu wa ku Dowa kapena ku Karonga zimene zamatidwa pakhoma la sukulu yakwawo.