Makalata Anu: Malo Otchipa a M'mbali mwa Revúboè

Moni omvera nonse, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara. Kalata yoyamba lero yalembedwa papepala long'ambidwa m'kope la mwana wasukulu, ndipo yachokera kwa bambo wina wa ku Chingodzi.

"Achimwene a pa wailesi, kwathu ndi ku Domue, ku Angónia. Ndinabwera ku Tete mu 2011, malasha a ku Moatize atayamba kupita kunja, poganiza kuti ntchito ili mbwee. Mpaka lero ndimasenza matumba pamsika. Ine, mayi akunyumba ndi ana anayi tili m'chipinda chimodzi cha lendi. Mwezi wa Okutobala malata amatentha ngati ng'anjo, ana amagona panja pamphasa. Ndasonkhanitsa kangachepe ku chipereganyu, ndipo munthu wina akundigulitsa malo otchipa kufupi ndi mtsinje wa Revúboè. Ndigule?"

Bambo anga, kalata yanuyi ndaiwerenga kawiri, ndipo yandikhudza. Koma malowo musagule. Atchipa chifukwa ndi njira ya madzi. Inunso munaona mu Januwale 2022, namondwe Ana atadzaza Revúboè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Amene anali m'zigwa anataya nyumba, mbuzi, makope a ana, nayambiranso kulipira lendi alibe ndi poto yemwe. Mmphawi sabwerera m'mbuyo chifukwa cha ulesi ayi, amabwerera chifukwa thukuta la zaka khumi limapita usiku umodzi.

China ndi ichi. Kuno ku Mozambique nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa. Lamulo la malo la 1997 limapatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene timautcha DUAT. Choncho wina akati "ndikugulitsani malo", mufunseni pepala lake, mupite naye kwa mlembi wa bairro, yemwe amayang'anira dera lanulo, kenako ku khonsolo ya mzinda mukamve ngati pamenepo amalola kumanga. Akayamba kuzemba, bwezani ndalama m'thumba. Kuli bwino malo akutali, okwera, ngakhale muziwononga ndalama yokwerera chapa (minibasi) tsiku ndi tsiku. Mukayambe ndi chipinda chimodzi, njerwa muziumba pang'onopang'ono. Ya lendi ija ikasiya kutuluka, ndi imene idzalipirire mwana sukulu.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, ya mayi wa ku Tsangano: "Mwana wanga akufuna kusiya munda wa mbatatesi kuti akafune ntchito kumigodi. Ndimuletse?"

Amayi, kumuletsa simungathe, koma mumufotokozere za bambo a ku Chingodziwa. Kumigodi amafuna odziwa kuwotcherera zitsulo, zamagetsi kapena kuyendetsa makina akuluakulu. Akolole kaye mbatatesi ya chaka chino, ndalamayo akaphunzirire luso, ndipo mundawo asaupereke kwa munthu.