Kupenta tizidole ta ziweto zakufa ta pa tebulo la masewera a nkhondo

Zikomo nonse pobwera. Amene muli kumbuyoko sunthirani kuno, zinthu za lero n'zazing'ono, muli patali simuziona.

Pa matebulo athu timaikapo nyumba zogumuka, mipanda ndi magalimoto opsa, koma ziweto timaziiwala. Chikhalirecho nkhondo zambiri zimene timasewerazi zinamenyedwa m'minda ya anthu ndi m'mabusa. Ku Normandy, m'dziko la France, mu 1944 mabomba anapha ng'ombe zochuluka, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho misewu ya kufupi ndi tauni ya Falaise inadzaza ndi mahatchi akufa, poti asilikali a Germany ankadalira mahatchi pokoka ngolo ndi mizinga yawo yambiri. Tebulo lopanda zimenezi limabisa zimene nkhondo imachita kwa mlimi.

Cholakwika chachikulu n'kutenga kang'ombe koimirira, kukagoneka chammbali, n'kuthirapo penti wofiira. Aliyense amene anawetapo ng'ombe angoona kamodzi n'kudziwa kuti si choncho. Musanagwire burashi dzifunseni kuti nyamayi yafa liti, nanga yafa ndi chiyani. Yongofa kumene imakhala yolobodoka, khosi litatambalala pansi, miyendo itapindika. Pakapita maola angapo thupi limauma. Pakatha masiku awiri kapena atatu kunja kukutentha, mpweya umadzaza m'chifu, mimba imatupa ngati ng'oma, ndipo miyendo iwiri ya pamwamba imanyamuka n'kuloza m'mwamba ili gwa. Pakatha masabata mimba ija imaphwa, chikopa chimakakamira ku nthiti, maso akhwangwala anatompha kale. Sankhani nthawi imodzi ndipo musasakanize. Pa tebulo, yotupa ija ndiyo imadziwika msanga ngakhale munthu ataima patali.

Za kukula kwake. Asilikali a mamilimita 28, monga a masewera a Bolt Action, ali pa muyeso wa 1:56, kutanthauza kuti milimita imodzi pa kachidole ikuimira mamilimita 56 pa chinthu chenicheni. Ng'ombe ya mtundu wa Normande imatalika pafupifupi mita 1.4 pa phewa, ndiye kachidole kake kakhale mamilimita 25 kuchokera ku ziboda. Ziweto za masitima achidole za 1:76 zimagwirizana ndi asilikali a 1:72, koma pambali pa a mamilimita 28 zimaoneka ngati tiana ta ng'ombe.

Tizidole takufa kale timagulitsidwa, ta resin (mtundu wa pulasitiki wolimba) ndi ta chitsulo chofewa, koma mutha kusintha koimirira. Yambani ndi kukatsuka m'madzi ofunda ndi sopo ndi mswachi wakale, chifukwa mafuta a m'chikombole amakana penti. Kenako palani mbali yogonera ndi sandipepala mpaka mutachotsa mamilimita awiri kapena atatu. Nyama yakufa imalemera, imaphwatalala pansi; mukasiya mbali yozungulira, pansi pa mimba pamaoneka kuwala ndipo nyamayo imangokhala ngati yayandama. Ngati ndi resin, nyowetsani sandipepalayo, fumbi lake si labwino m'mapapo. Miyendo iviikeni m'madzi otentha kwa theka la mphindi, muiwongole, n'kuiponya m'madzi ozizira mudakaigwira. Ikakana, dulani pa bondo, boolani kabowo, lowetsani kawaya, mumate ndi supaguluu.

Mimba muumbe ndi phala loumbira la Milliput kapena Green Stuff, limene limabwera m'magawo awiri; tengani magawo awiri ofanana, osakanizidwa mpaka mtundu ukhale umodzi. Onani kamene ndagwiraka. Kagonera kumanja, chifukwa chifu chachikulu cha ng'ombe chili kumanzere ndipo kutupa kumaonekera kwambiri kumeneko. Phala lija ndalisalaza ndi chala chonyowa kuchokera kuseri kwa phewa kufika ku ntchafu, opanda makwinya, poti chikopa chotupa chimakokeka. Khutu la pamwamba lagwera kumbuyo, mchira wagona m'dothi, lilime latuluka cha m'mbali mwa kamwa. Lisiyeni liume usiku wonse.

Poikapo pake dulani kathabwa ka MDF ka mamilimita 3, kotalika 60 m'lifupi 40, m'mphepete mupale motsetsereka. Pakani phala lomatira ming'alu ya khoma, nyamayo muidinikizemo lisanaume, kenako guluu wa matabwa ndi mchenga wosefa.

Penti woyamba akhale wotuwa, wopyapyala. Apa samalani: tizidole ta pulasitiki wofewa, ta ana tija, tikapoperedwa penti wa m'chitini nthawi zambiri timakhala tonata kwa miyezi, chifukwa mankhwala a m'chitinimo sagwirizana ndi pulasitikiyo. Timeneto pakani woyamba wa akiriliki ndi burashi.

Ng'ombe za Normande n'zoyera zokhala ndi mawanga abulawuni kapena oderako, nkhope yoyera, ndipo kawirikawiri m'maso mozungulira muli moda. Musagwiritse woyera weniweni. Sakanizani magawo anayi a woyera, limodzi la chikasu chodera ndi kadontho ka wotuwa, musungunule ndi madzi, mupake kawiri mopyapyala. Kamodzi kokhuthala kamakwirira ubweya umene wosema anavutikira. Mawanga muwadinde ndi nsonga ya burashi yakutha kuti m'mphepete mwake musakhale mowongoka. Ndiye kuti imfa ioneke, mitundu yonse muizimitse ndi wotuwa pang'ono. Mphuno ndi bere zikhale zotuwa mopita ku buluu. Diso likhale lotuwa ngati lachita ng'ala, lopanda kadontho kowala. M'munsi mwa mimba ndi pakati pa ntchafu, pamene ubweya uli wochepa, pakani madzi a penti wa pepo wosakaniza ndi wobiriwira, gawo limodzi la penti pa magawo asanu a madzi, chifukwa kuwola kumayamba kuonekera pamenepo. Penti wamadzimadzi wabulawuni alowe m'makwinya mokha. Mukasambitsa naye mimba yonse amadikha pamalo osalala n'kuuma ndi mizere ngati ya tiyi wotayikira. Akadikha, mumuyamwe ndi burashi youma asanagwire.

Magazi ndiwo amawononga ntchito za anthu ambiri. Magazi ofiira owala amakhala mphindi zochepa chabe. Akauma amada, amapita ku bulawuni. Pa nyama ya masiku atatu sakanizani magawo awiri a bulawuni woderako, limodzi la wofiira ndi kadontho ka wakuda, muike pang'ono pa mphuno, pakamwa ndi pa tibowo tiwiri kapena titatu ta zidutswa za bomba, n'kudetsa dothi la pansi pake chifukwa nthaka imamwa. Penti wofiira wonyezimira, monga Tamiya X-27, musungire yongofa kumene, ndipo muuike pomaliza, vanishi atauma.

Amene mumasewera nkhondo ya kum'mawa kwa Africa ya 1914 mpaka 1918, ya King's African Rifles (gulu la asilikali a ku Africa a boma la Britain), dziwani kuti kumeneko mahatchi, abulu ndi ng'ombe zokoka ngolo zambiri zinafa ndi matenda a kashembe osati zipolopolo, n'chifukwa chake katundu anagwera pa mitu ya amtengatenga. Nyama zotero zikhale zowonda, nthiti ndi mafupa a m'chiuno zili poyera, zopanda bala. Palani mimba m'malo moiwonjezera, nthiti muzionetse popukuta ndi burashi yotsala pang'ono kuuma, ndipo ng'ombe muiumbire linunda.

Udzu wochita kupanga wa mamilimita 2 mumate mozungulira, wautali wa 6 muuweramitse pamene thupi laupsinja. Kadothi ka mtundu wa tebulo lanu kakwere pa ziboda ndi m'mphepete mwa thupi, kuti nyama ndi nthaka zigwirane. Vanishi akhale wosawala, chifukwa ubweya wakufa sunyezimira. Musapopere kukakhala chinyezi kapena kukuzizira kwambiri, amachita mbuu ngati ufa. Yesani kaye pa kanthu kena. Zikachitika, pakani wonyezimira pamwamba, aume, mubwerezenso wosawala tsiku louma.

Pa tebulo la mafiti 6 kwa 4, ziweto zitatu kapena zinayi zakwana. Muziike pafupi ndi dzenje la bomba kapena pa ngodya ya mpanda pamene zinapanikizana pothawa, ndipo masewera asanayambe gwirizanani ngati msilikali angabisale kuseri kwake kapena ayi. Tsopano tengani tizidole tanu, madzi otentha ali pa tebulo la pakhomo, tiyambe ndi miyendo.