Dothi, makala ndi anzako: zimene ndinalankhula pa msonkhano wa pa Chiwelu

Zikomo a tcheyamani, zikomo amfumu ndi nduna zanu, azimayi anzanga, azibambo, ndi inu achinyamata mwatsamira njinga kumbuyo uko, senderani kuno pamthunzi malo alipo. Andipatsa nthawi yochepa chabe ndiye malonje ndidule.

Nkhani yanga ndi ya mmene kuumba, kujambula ndi kusoka pamodzi ndi anzako kumathandizira munthu kutula za kukhosi, nchifukwa chake mwaona ndabwera ndi beseni la dothi, makatoni ndi kathumba ka makala. Tizigwiritsa ntchito pompano, koma ndiyambe ndafunsa azimayi a msinkhu wanga. Mukukumbuka pamtondo? Tisanakhale ndi zigayo paliponse, m'mawa kusanatenthe mumatengana awiri atatu, misi m'manja, wina akupeta wina akukonola, ndiye nyimbo imayamba. Nyimbo zija mukudziwa nokha kuti sizinali zongosangalatsa ntchito ayi. Mkazi amene mwamuna wake wagona ku mowa amaimba pamenepo. Amene apongozi akumuvuta amaimba pamenepo, dzina satchula koma mudzi wonse wamva, ndipo mnzake wa musi winawo amavomera, ndiye pofika poanika mphale mtima watsika. Azibambo inunso munali ndi panu, pansi pa mtengo wina akuluka mphasa wina akusema mpini, maso ali pa ntchito koma nkhani ikuyenda. Chigayo ndi chabwino, msana wanga ukuchiyamika, koma chinatenga mtondo ndi kutenganso malo aja amene munthu amatulira za kukhosi manja ali pa ntchito. Manje ku chigayo uima pa mzere, phokoso lokhalokha, ulipira, usenza, upita. Ufika kunyumba, aliyense ali pa foni yake.

Ine zimenezi ndinazizindikira amuna anga atamwalira. Maliro atatha, abale atabalalika, ndinangokhala chete. Anthu amabwera kudzandiona, muli bwanji amayi, ine ndili bwino, mwagona bwanji, ndagona bwino, pamene usiku wonse ndinali maso kumvetsera agalu. Sikuti ndimanama dala, koma munthu akakhala patsogolo pako kukuyang'ana m'maso kudikira kuti unene, mawu amathawa. Ndiye mnzanga wina amene amasoka ku msika wa Kapata anabwera tsiku lina ndi pulasitiki yodzaza tizigamba ta chitenje, totsala pa mashini paja, nkunena kuti anzanga ndithandizeni tilumikize tipange chofunda, ndekha maso akundiwawa. Sanandifunse kalikonse. Tinakhala pa mkeka, singano singano. Tsiku lachitatu ndinalowa m'nyumba nkutulutsa shati ya amuna anga, yabuluu ija amapita nayo ku tchalitchi, ndinadula thumba la pachifuwa, linali ndi kadontho ka inki pakona pamene bolopeni inawathira, kadontho kamene ndinachapa zaka ndi zaka osachoka ndipo ndimawakalipira nako. Ndikusokerera kathumba kaja pakati pa zigamba zinzake ndinangozindikira ndikulankhula. Ndinayambira pa inki paja mpaka ndinafika ku chipatala, usiku womaliza, zimene ananena, zimene ine sindinayankhe. Mnzanga sanadzutse mutu olo kamodzi, amangosoka, nthawi zina ee, nthawi zina mmm. Usiku umenewo ndinagona mpaka tambala wachiwiri.

Apo ndi pamene kagulu kathu kanayambira. Pano tilipo khumi ndi awiri, timakumana pa Chiwelu 14 awazi pansi pa mango kuseli kwa nyumba yanga. Ena amasoka, ena amaumba, ena amajambula.

Ndikudziwa ena muli kunena mumtima kuti zojambulajambula ndi za ana a giredi wanu kapena za azungu obwera ku Mfuwe. Anthu inu, tiyeni tiyende pang'ono. Kuno kwathu ku Eastern kuli mapanga a zithunzi, Thandwe konkuno ku Chipata, Mkoma ndi Makwe ku Katete. Pamiyala paja pali zofiira, mizere ndi zozungulira, zimene akuti anajambula Akafula amene makolo athu anawapeza m'dziko muno, ndiye pali zoyera zopaka ndi chala, zimenezo ndi za Achewa enieni, zina za ku chinamwali zina za ku nyau. Kutsidya ku Malawi, ku Chongoni m'boma la Dedza, malo otere alipo 127 ndipo a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Gule wamkulu amene timakaonera ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti a UNESCO omwewo anamulemekeza mu 2005. Za kudambwe sindilowako, si zanga kunena pano, ndipo za anamkungwi azimayi mukuzidziwa nokha, ndingotchula kuti vilengo vija amaumba ndi dothi pansi sanaumbire kukongoletsa. Mtsikana akukula, moyo wake ukusintha, ndiye akuluakulu anaona kuti pali zinthu zimene pakamwa pokha sipakwanitsa, nkuziumba kuti aziona ndi maso. Ndipo saumba munthu mmodzi, amaumba gulu. Ndiye tisamati izi zabwera ndi ndege. Agogo anu amene amazira khoma ndi dothi lakuda m'munsi, lofiira pamwamba, nkuika timaluwa pafupi ndi chitseko, amachita chiyani?

Tsopano ndikuuzeni za abambo ena a m'gulu mwathu, andilola kunena bola dzina ndisatchule. Chaka cha 2024 mukuchikumbuka, mvula inadula chimanga chili pofuna kumasula, mpaka a pulezidenti analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi ya chilala. Abambo amenewa anali ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi. Anagulitsa imodzi imodzi kugula chimanga ndi kulipirira ana, mtengo wake wongotaya chifukwa aliyense amagulitsa, pofika kumapeto kwa chaka khola linali mbee. Kunyumba sanadandaule, munthu wamwamuna paja amati salira, koma anasiya kudya bwino, anasiya kupita ku bwalo, akazi awo ndi amene anawakoka kubwera nawo kwathu. Masabata awiri oyamba amangokhala pa mpando chipewa chili pa bondo. Sabata lachitatu ndinangoika chibuma cha dothi pafupi ndi phazi lawo nkuchokapo. Nditabwerera ndinapeza akufinya, akufinya, kenaka linunda latuluka, kenaka miyendo, mmene amaumbira anyamata kubusa kuja. Anaumba zonse zisanu ndi imodzi nkuzindandalika pa katoni. Yomaliza anaipatsa nyanga ziwiri bwinobwino, kenaka anagwira imodzi nkuithyola dala ndi chikhadabo. Mwana wawo wamwamuna anali pompo, nkuti atate mwaononga. Iwo akuti ayi, iyi inathyoka nyanga pa goli chaka chimene iwe unabadwa, ndiyo inakoka ngolo imene inatenga amako kupita ku kiliniki usiku. Ndiye anayamba kuzitchula maina imodzi imodzi, iyi inali yaulesi, iyi imadziwa yokha njira ya kudimba, iyi ndinaigulitsa kwa munthu wa butchala ndipo sindinathe kuyang'ana akuikweza. Mnyamata uja zaka makumi awiri akukhala nawo nyumba imodzi anali asanamvepo. Ng'ombe sizinabwerere, ndisakunamizeni, khola likadali lopanda kanthu, koma abambo aja akudya, ndipo iwo ndi mwana wawo chaka chino alima limodzi nshawa ndi makasu.

Chimene ndaona ine ndi ichi. Ukamufunsa munthu kuti vuto lako nchiyani, wamuika pa mlandu, ayenera kuyankha. Koma chinthu chikakhala pakati panu, kang'ombe ka dothi, kathumba ka shati, nonse mukuyang'ana icho osati nkhope yake, ndiye amalankhula za kang'ombeko, ndipo polankhula za kang'ombeko walankhula za iye mwini. Komanso dothi silifulumira. Kuti uumbe miyendo inayi pamafunika nthawi, ndipo nthawi imeneyo mutu umayenda pang'onopang'ono pa chinthu chimodzi, osati kudumphadumpha monga umachitira usiku uli gone. Nanga bwanji osangochita wekha m'chipinda? Ungathe, ena amatero. Koma ine ndinayesa, ndipo wekha umangozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi ya pa chingwe. Kalikokha nkanyama paja. Mnzako amafunsa kafunso kamene iwe sukanadzifunsa. Mtsikana wina wa kwathu anamaliza giredi 12 zaka zitatu zapitazo ntchito kulibe, anajambula Great East Road ndi basi yaikulu ikupita ku Lusaka, iye kamunthu kakang'onong'ono m'mbali mwa msewu. Mnzake anangofunsa kuti nanga m'manjamo wanyamula chiyani, chifukwa anali atajambula kanthu kozungulira. Akuti ndi mbale ya vitumbuwa. Iye mwini samawerengera kuti zaka zitatu zonsezi akudyetsa ang'ono ake ndi mbale imeneyo, amangoona basi imene yamusiya.

Za zipangizo musadandaule, palibe chogula. Dothi loumbira katapeni kudambo kapena pachulu, muchotse timiyala, mukande ngati mukanda ufa wa mandasi, mukulunge m'pulasitiki lisaume. Utoto wofiira ndi katondo. Muviike m'madzi, muvundule, mudikire pang'ono mchenga ukhale pansi, mutsanulire madzi ofiirawo m'chitini china, mawa mupeza pansi pakhala phala losalala. Wakuda ndi makala osinja nkusefa pa kansalu, kapena mwaye wa kukhitchini. Wotuwa ndi phulusa. Chinsinsi chake ndi chimodzi, muthiremo kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa kapena fulawa, kophika pang'ono, ndiko kamagwiritsa utoto pa pepala, popanda iko ukauma umangoyoyoka. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi, kapena nthenga ya nkhuku, kapena chala chomwechi. Pojambulapo ndi makatoni a ku shopu, kapena mapepala a matumba a simenti, mukung'unthe bwino. Ndipo musaderere phala la fulawa, ku Mfuwe a Tribal Textiles nsalu zawo zimene zimapita mpaka kunja amayamba kulemba maluwa ake ndi phala lotere, liume padzuwa, apake utoto, kenaka alichotse patsale mizere yoyera.

Koma pamenepa ndichenjeze, chifukwa ndikatchula Mfuwe ena mwayamba kale kuwerenga makwacha. Amene ali ndi luso logulitsa agulitse, ndi bwino ndithu, koma tsiku lina. Pa Chiwelu sitipanga za malonda. Mukangoti tigulitse, wojambula bwino akhala bwana, wojambula mokhota achita manyazi asiya kubwera, ndipo nthawi zambiri wokhotayo ndi amene wasenza katundu wolemera. Musadikirenso kuti kubwere bungwe ndi ma alawansi ndi ma tisheti. Agogo athu pamtondo amawapatsa alawansi ndani?

Malamulo tili nawo ochepa koma timawasunga. Mafoni onse amalowa m'dengu, ndipo chinthu cha mnzako sujambula nkuika pa Facebook kapena pa WhatsApp iye asanalole. Palibe kuseka ntchito ya wina, olo galu wake aoneke ngati mbuzi. Mwini wake ndiye amayamba kunena, ndipo akati lero sindinena, basi, tamva, aike pa shelefu. Ili ndi limene limativuta kwambiri ife akuluakulu, kumasulira. Wina wapaka zakuda zokhazokha ife tayamba kale, apa ndiye kuti akulodzani, apa ndiye kuti simupemphera. Ayi. Funsani chabe, ichi nchiyani, uyu ndani, kenaka tsekani pakamwa. Malangizo musapereke pokhapokha atapempha. Ndipo zimene zanenedwa pansi pa mango zimatsala pansi pa mango, sizipita ku mjigo. Gulu lina ndikulidziwa linatha mwezi umodzi chifukwa cha mayi mmodzi amene anatenga nkhani ya mnzake nkukaigawa ku chilimba, ndipo wonenedwayo mpaka lero salankhula ndi munthu. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa anali atangoyamba kumasuka.

China chofunika, ndipo achinyamata mumvetsere. Ife si madokotala. Wina akajambula kapena akanena zoti watopa ndi moyo, akufuna kudzipha, kapena mwana akaonetsa kuti wina akumugwira kunyumba, imeneyo si nkhani yosunga pansi pa mango. Musamusiye yekha tsiku limenelo, mutengane naye ku kiliniki kapena ku chipatala, za mwana mupite ku Victim Support ku polisi. Lamulo la chinsinsi limathera pamenepo, ndipo timauzana zimenezi tsiku loyamba kuti wina asadzati mwandipereka.

Ndalankhula zambiri, dzuwa lapendeka. Tiyeni tichite. Khalani anayi anayi, azibambo musadzipatule, amfumu inunso chibuma chanu chilipo ichi. Amene safuna dothi atenge katoni ndi khala. Funso la lero ndi limodzi chabe, pabwalo la nyumba imene munakuliramo panali chiyani chimene mukatseka maso mumachiona poyamba? Kaya ndi nkhokwe, kaya ndi mtondo, kaya ndi mpando wa atate, kaya ndi mtengo wa masuku, chimenecho. Musaganize kwambiri, manja ayambe. Mwanawe, tatenga chidebe icho uzungulire nacho anthu anyowetse zala, uyambire kwa agogo apo.