Nyumba ya ku Chibavi yandichedwetsa ku Calgary

Moni nonse amene mukumvetsera. Phokoso mukulimvali si la ku Calgary ayi, ndi mawawa a mu June akugwa pamalata kuno ku Mzuzu. Ndabwera kutchuthi, ndakhala pakhonde la nyumba yanga ku Chibavi, ndipo ndavala juzi ngati munthu amene sanaonepo chisanu cha ku Canada. Tambala akalira musadabwe, ndi wa aneba.

Dzulo tikumwa tiyi, alamu anga anandiponyera funso: "Alamu, zaka zinayi kunja mukadali pa lendi? Kuno munamanga ndi malipiro a uphunzitsi, nanga madola akukukanikani bwanji?" Ndinaseka, koma zinandilasa. Ndiye lero ndiwayankhe, nanunso mumvere limodzi.

Nyumba ino ndinamanga mmene timamangira tonse. Chaka china kuumba njerwa, china kuotcha, simenti kugula thumba limodzilimodzi, malata kuunjika kuchipinda kwa amayi. Tinalowamo mawindo atatsekedwa ndi makatoni. Ku Canada munthu wamba satero. Umagula nyumba yothaitha ndi ngongole ya kubanki, mogeji, n'kumabweza zaka 25. Pa madola 500,000 oyamba umaika dipoziti ya 5 peresenti, pa otsalawo 10 peresenti. Nyumba ya madola 600,000, ndiye kuti uyambe wapeza 35,000 m'thumba mwako. Dipoziti ikapanda kufika 20 peresenti amakukakamizanso inshuwaransi, ndipo imene imateteza si iwe, ndi banki.

Kenako pali mayeso amene amati stress test. Banki ikakupatsa chiwongoladzanja cha 4.5 peresenti, imawerengera ngati ukulipira 6.5, kuti ione ngati ungapirire zinthu zitathina. Amawonjezera 2 pamwamba, kapena amatenga 5.25 peresenti, chimene chakula pa ziwirizo. Poyamba ndinkati ndi nkhanza. Koma mu 2023 Bank of Canada, banki yaikulu ya dzikolo, itakweza chiwongoladzanja kufika 5 peresenti, ndinaona anzanga akutchalitchi akugwira mashifiti ausiku kuti nyumba isawapulumuke. Mayesowo ndinasiya kuwanyoza.

Pa 15 December 2024 malamulo anafewako. Ogula koyamba, komanso ogula nyumba yatsopano, analoledwa kubweza zaka 30 ngakhale dipoziti yawo ili yochepa, ndipo malire a mtengo wa nyumba yogula ndi inshuwaransi ija anachoka pa madola 1 miliyoni kufika 1.5 miliyoni. Pamwezi umalipira zochepa, inde, koma banki imakudyera zaka zina zisanu. Ine panopa ndili ndi zaka 41. Werengani nokha kuti ndidzamaliza ndili ndi imvi zingati.

Chimene chinanditengera mtima ndi thandizo la pamsonkho. Pali akaunti yosungiramo ndalama zogulira nyumba yoyamba, yotchedwa FHSA, inayamba mu 2023. Umaikamo mpaka madola 8,000 pachaka, 40,000 moyo wonse. Zimene waikazo amazichotsa pa ndalama zodulidwa msonkho, ndipo podzatapa kuti ugulire nyumba sakudula kanthu. Palinso kangachepe kamene amakuchotsera pa msonkho chaka chimene wagulacho, pafupifupi madola 1,500. Komanso ukhoza kudzibwereka mpaka 60,000 kuchokera ku ndalama zako za penshoni za RRSP, kumabweza pang'onopang'ono. Zonsezi n'za ogula koyamba.

Ndiye tsiku lina mu January 2025 ndinavala jekete labwino, kulowa m'banki ina kukatsegula FHSA. Mayi wa pakauntala, wansangala bwino, akudzaza fomu, anafunsa ngati ndinakhalapo m'nyumba yangayanga. Ine ndi kunyada konse ndinatulutsa foni, kumuonetsa chithunzi cha nyumba inoyi, mtengo wa mapeyala uli pambali, amayi ataima pakhomo. Anati ndi yokongola. Kenako anafunsa kuti ndinachokamo liti. Ndinati March 2021. Cholembera anachiika pansi.

Abale, lamulo lawo silifunsa kuti nyumbayo ili dziko liti. Limafunsa ngati unakhalamo m'nyumba yako, kapena ya mkazi kaya mwamuna wako, m'chaka chimenecho kapena zaka zinayi zam'mbuyo. Miyezi itatu imene ndinagona muno mu 2021 inakwanira kuti ndisakhale wogula koyamba mpaka 2026. Nyumba ya njerwa zootcha ndekha, ya ku Chibavi, boma la Canada linaiwerenga ngati ili pakati pa Toronto. Ndinatuluka mtima uli m'malo awiri: manyazi, komanso kamatama pang'ono kuti kodi kanyumba kanga kafika potchuka chonchi.

Mnzanga wina wa ku Zambia anandiuza kuti ndikanangokhala chete, angadziwe ndani? Ine ayi. Fomu imeneyo umasainira, ndipo a Canada Revenue Agency, bungwe lotolera msonkho, akadzatulukira, msonkho ndi chilango zimagwera iwe wemwe. Munthu wobwera ngati ine, amene mapepala ake anawavutikira, sangaseweretse dzina chifukwa chothamangira chaka chimodzi. Ndipo dziwani kusiyana kwake: amene anamanga kumudzi ali kale kunja, osakhalamo, nkhani yake ndi ina, chifukwa funso ndi la kukhalamo. Ndiye inu amene muli ku Katoto, ku Luwinga, ku Mchengautuwa mukukonza mapepala opita, lembani penapake tsiku limene mwatuluka m'nyumba yanu. Kutuluka mu December ndi kutuluka mu January kumasiyana chaka chathunthu.

Chinanso alamu sakuchidziwa n'chakuti kuyambira 1 January 2023 alendo ambiri analetsedwa kugula nyumba ku Canada, ndipo chiletsocho anachitalikitsa mpaka 2027. Ine chinandilambalala chifukwa ndili ndi chilolezo chokhazikika.

Alamu atamva zonsezi anangopukusa mutu, n'kunena kuti bola ndigule puloti ina ku Dunduzu, ndimange za lendi. Sindinawakanire, sindinawavomere. January akubwerayu ndikabwereranso kubanki kuja, chithunzi ndisiya m'thumba mpaka atandifunsa. Pakali pano ndiime kaye, amayi akuitana kuti madzi akudontha kuchipinda chapakati, ndipo mmisiri wa malata uja foni yake sikupezeka.