Casablanca ndi Ingrid Bergman: Kodi N'zoona Kuti Sankadziwa Mwamuna Amene Adzakwere Naye Ndege?

Ndakulandirani nonse owonera athu. Lero tikamba za Casablanca, filimu yachikondi ya mu 1942, makamaka za Ingrid Bergman, mayi amene anasenza filimu yonseyo pankhope pake. Musathawe poona kuti zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, chifukwa pali bodza limodzi lokhudza mayi ameneyu limene lakhala likundisowetsa mtendere, ndipo ndikufuna kuti lithere pano. Amene simunaionere, dziwani kuti ndiulula mathero ake.

Choyamba, nkhani yake mwachidule. Mu Disembala 1941, mzinda wa Casablanca ku Morocco wadzaza ndi anthu othawa nkhondo ku Ulaya, amene akufuna kudzera ku Lisbon kuti akafike ku America. Rick Blaine, yemwe akuseweredwa ndi Humphrey Bogart, ali ndi malo azakumwa, ndipo m'manja mwake mwagwera makalata awiri olola munthu kutuluka m'dzikolo. Tsiku lina akutulukira Ilsa Lund, yemwe akuseweredwa ndi Bergman, mkazi amene anamusiya akudikira pasiteshoni ya sitima ku Paris, ali ndi mwamuna wake Victor Laszlo, wolimbana ndi a Nazi. Makalata ndi awiri, koma anthu ndi atatu.

Chachiwiri, filimuyi inapangidwa ndi kampani ya Warner Bros., wotsogolera anali Michael Curtiz, ndipo inajambulidwa ku California kuyambira pa 25 Meyi mpaka pa 3 Ogasiti 1942. Inaonetsedwa koyamba ku New York pa 26 Novembala chaka chomwecho, ndipo inapata mphoto zitatu za Oscar.

Chachitatu ndicho chandibweretsa. Mwina munamvapo kuti pojambula Casablanca panalibe amene ankadziwa mathero ake, kuti Bergman ankafika kuntchito m'mawa uliwonse osadziwa ngati Ilsa adzatsala ndi Rick kapena adzapita ndi Laszlo, ndipo kuti kuzunzika kumene timakuona m'maso mwake kunali kusokonezeka kwa munthu amene sanauzidwe chochita. Nkhaniyi ndi yokoma kuimva, n'chifukwa chake yafala, koma ikaunikidwa bwino siima.

Tiyambe ndi kumene inachokera, pakuti utsi sufuka popanda moto. N'zoona kuti kujambula kunayamba zolemba zisanathe. Mapasa Julius ndi Philip Epstein ankalemba, Howard Koch ankalembanso, Casey Robinson anakonza zigawo zachikondi ngakhale dzina lake silinalembedwe, ndipo masamba atsopano ankafika osewera ali kale pantchito. Bergman mwini wake anadzafotokoza pambuyo pake kuti anafunsa kuti akonde uti mwa amuna awiriwa, nauzidwa kuti asewere ali pakati. Apa sindikutsutsa.

Koma taonani. Filimuyi inachokera ku sewero la pasiteji lotchedwa Everybody Comes to Rick's, lolembedwa ndi Murray Burnett ndi Joan Alison, limene Warner Bros. inaligula pamtengo wa madola 20,000. M'sewero limenelo, Rick amatumiza kale mkaziyo kuti apite ndi Laszlo, monga mmene filimuyi imathera. Mathero analipo kamera isanayatsidwe n'komwe. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 1934 mafilimu a ku Hollywood ankayendera malamulo okhwima a makhalidwe otchedwa Production Code, amene ofesi ya Joseph Breen inkaonetsetsa kuti akutsatidwa, ndipo malamulo amenewo sakanalola kuti filimu ithe mkazi wokwatiwa atasiya mwamuna wake n'kupita ndi chibwenzi. Ndiye tandiuzani, mu 1942, nkhondo ili mkati, ndi kampani iti imene ikanaonetsa mtsogoleri wolimbana ndi a Nazi akulandidwa mkazi, omvera n'kumaomba m'manja? Chimene chinkavutitsa olembawo sichinali funso la amene akwere ndege. Chinali choti Rick atsimikizira bwanji Ilsa kuti apite, Major Strasser, mkulu wa a Nazi, athana naye bwanji, ndiponso Captain Renault, mkulu wa apolisi, achita chiyani pambuyo pake. Komanso zigawo zina zofunika Bergman anazisewera atadziwa kale mathero.

Mukhoza kufunsa kuti ndikupseranji mtima ndi nkhani yakale chonchi. Ndikupsa mtima chifukwa bodza limeneli limalanda mayiyu luso lake n'kulipereka kwa mwayi. Limatiuza kuti Bogart ankasewera, Claude Rains (Captain Renault uja) ankasewera, koma Bergman anangosokonezeka, kamera n'kumupeza ali chomwecho. Ayi ndithu. Uyu anali katswiri amene anaphunzira zisudzo ku Stockholm, nasewera mafilimu ambiri kwawo ku Sweden wopanga mafilimu David O. Selznick asanamuitanire ku America mu 1939. Kukonda amuna awiri nthawi imodzi, wina chifukwa cha mtima, wina chifukwa cha ulemu ndi lumbiro, ndiyo ntchito imene anapatsidwa, ndipo anaigwira akudziwa chimene akuchita.

Ngati mwafika pano mukadali nane, dinani batani la subscribe ndi kabelu kali pambali pake, ndipo mundilembere m'makomenti ngati inunso munakhulupirirapo nkhani imeneyi.

Chachinayi, mukamaonera, yang'anitsitsani pamene Ilsa wakhala pafupi ndi piyano n'kupempha Sam, woimba piyanoyo, kuti aimbe nyimbo yakale ya iye ndi Rick, As Time Goes By. Kamera imaima pankhope pake kwa nthawi yaitali, iye osalankhula kanthu. Maso amagwa pansi pang'ono, milomo imatseguka ngati akufuna kunena mawu, kenako m'maso mumayamba kulengeza misozi imene sigwa. Wojambula, Arthur Edeson, ankakonda kumutenga kuchokera kumanzere, mbali imene Bergman ankaikonda, ndipo ankafewetsa chithunzi ndi kansalu kopyapyala n'kuika timagetsi towalitsa maso. Kuwalako n'kwa Edeson, koma zimene zikuyenda kuseri kwa masowo n'za Bergman, ndipo Paris yense timamuona mmenemo filimu isanatipititseko. Nyimboyo, imene Herman Hupfeld anailemba mu 1931, inatsala pang'ono kuchotsedwa, chifukwa Max Steiner, wopeka nyimbo za filimuyi, ankafuna kuikamo yake, koma Bergman anali atameta kale tsitsi pokonzekera filimu ya For Whom the Bell Tolls, moti zigawozo sizikanajambulidwanso.

Chachisanu ndi chachifupi koma chimandiwawa. Pa Casablanca, Bergman sanasankhidwe n'komwe kupikisana nawo pa Oscar. Chaka chimenecho dzina lake linalowa chifukwa cha filimu ya tsitsi lometa ija. Mphoto yake yoyamba anailandira chifukwa cha Gaslight ya mu 1944, ndipo anadzalandiranso zina ziwiri asanamwalire ku London pa 29 Ogasiti 1982, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 67. Gaslight imeneyo ndiyo tidzaikambe muvidiyo yotsatira, choncho muionere sabata ino kuti tidzayendere limodzi.